Dothi Lokana Kuuma

Kwawo ankamutchula kuti Pulofesa mongomugemula, chifukwa kuyunivesiteko anali wofufuza wamba, wokhalira kukankha makina a rada pamwamba pa mabokosi a mchenga. Makinawo ali ngati kangolo: amatumiza mafunde pansi, mafundewo akagunda chinthu amabwerera, chithunzi n'kuoneka pasikirini. Ntchito ya mtsikanayu inali kuyeza mmene mchenga, dongo ndi madzi zimachedwetsera mafundewo, ndipo abale ake ankaiona ngati masewera a anthu okhuta.

Masewerawo anasanduka ntchito banja litagwirizana zoika mwala pamanda a bambo ake. Chikwangwani chathabwa chiswe chinadya kalekale, mitumbira inafafanizika, ndipo kaundula ankangonena kuti bambowo ndi omaliza mumzere, chakumpanda. Amayi ankaloza pomwe anadzala maluwa, pomwe akhala akuthirira zaka khumi ndi ziwiri. Mchimwene wake ankalumbira kuti mzerewo umathera mapazi asanu munthu asanafike pamaluwapo.

"Apulofesa, sukulu yanu ija tiione ntchito," anatero mchimweneyo.

Loweruka m'mawa Pulofesa anakankha kangolo kake kumandako. Polozedwa ndi mchimwene manda anaoneka bwinobwino, kungoti makina satchula dzina la wagonamo. Nkhani inatsalira pamaluwa: pakapezeka manda, ndi a bambo, pakakhala popanda kanthu, ndiye kuti amayi akhala akulirira dothi chabe. Koma atafika pamaluwapo, chithunzi chinangoti bii. Anagwada, n'kufinya dothi m'manja. Linali dongo lonyowa, lomwe limameza mafunde osabweza kanthu.

"Amayi, musiye kaye kuthirira milungu itatu. Dothi likauma makina aona."

"Ndamva, mwanangu."

Milungu itatu inatha dzuwa likuswa mtengo. Pamwamba panauma gwa, koma chithunzi chinali chomwe chija. Apa mutu unayamba kumuzungulira. Anabwerera ndi makinawo kuntchito, n'kuwayesa pabokosi la mchenga lomwe anakwiriramo chitsulo, ndipo chitsulo chinaoneka. Anafunsa woyang'anira manda ngati pansipo pamadutsa paipi yothonya.

"Paipi? Mayi, kuno madzi timachita kutunga kumpopi wa pageti. Ndipotu mayi anu sathirira, ndimawaona. Amangobwera ndi chikwama chawo, n'kukhala pansi."

Pulofesa anazika kachipangizo koyezera chinyezi pamaluwa paja. Pamwamba pouma, pansi chinyontho chokhachokha, komanso pamalo amenewo pokha. Akasuntha mapazi awiri, fumbi. Dothi lanji lonyowa kuyambira pansi, mvula kulibe, paipi kulibe? Anawerengera, anafufuta, anawerengeranso. Anayamba kukayikira zonse zomwe analemba zaka zinayi, ndipo zinamuchititsa mantha. Mchimwene wake naye foni tsiku ndi tsiku: wosema mwala akudikira, tiike pati?

Lachinayi anaganiza zokayeza m'mamawa, mwina mame ndiwo ankamusokoneza. Anapeza amayi atagwada pamaluwa, chikwama chili pambali, chigubu chili m'manja. Pakati pa masamba panali kapaipi kakafupi kozikidwa m'dothi, ndipo madzi ankalowera mmenemo mwakachetechete, pamwamba osadontha ngakhale pang'ono. Anazindikira kapaipiko: kanali kotsala pomwe ankakonza sinki ya kunyumba.

"Amayi, mukutani?"

Amayi sanadzidzimuke. Anatsitsa chigubu, n'kupukuta manja pasiketi.

"Unanena wekha kuti likanyowa makina ako saona."

"Ndiye mwandisiya ndizivutika mwezi wonse? Ndimayesa mutu wanga wasokonekera. Kodi simukufuna kudziwa pomwe agona bambo?"

"Ndikuopa, mwanangu." Anayang'ana maluwa aja. "Tsiku lomwe unakhoza mayeso ndinabwera kudzawauza pano. Mchimwene wako atakwatira, pano. Ukandiuza kuti pansipa mulibe munthu, ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikulankhula ndi ndani?"

Pulofesa anayang'ana kapaipi kaja. Mkwiyo unali utamuthera, ndipo sankadziwa ngati akumvera chisoni amayi, bambo, kapena iye mwini. Foni inalira m'thumba mwake. Sanafunikire kuyang'ana kuti adziwe woimba, anangoisiya ilire mpaka inatopa.

Amayi ananyamulanso chigubu chija, koma madzi anayamba kutayikira pambali, pamwamba pa dothi louma lija. Pulofesa anaika kachipangizo kake pansi, n'kugwada, n'kuwalandira chigubucho.

"Mumathira zingati?"

"Ziwiri," anatero amayi. "Chinacho chili m'chikwama."