Tsabola wa Pyo Malsun

Tsabola wa Pyo Malsun sanali wouma ndi makina. Ankathyola yekha, kupukuta mmodzimmodzi ndi kansalu, n'kuyanika padenga la nyumba yake masabata atatu. Kamtambo kakangooneka, mayi wamkulu ameneyu ankakwera makwerero ngati mtsikana. Akagayitsa, ufa wake unkafiira ngati makala amoto. Mudzi wonse unkaudziwa.

Ndiye chifukwa chake Mayi Ok, mkazi wa mkulu wa mpingo komanso wapampando wa amayi, anafika pakhomo pake atanyamula mapeyala. Denga la tchalitchi linkadontha, ndipo mpingo unakonza zogulitsa malonda pabwalo.

"Amake Hyejin, chaka chino mutipatse wonse. Anthu a m'tauni amabwerera tsabola wanuyu."

"Wonse? Nanga m'kimchi, kabichi wa m'mitsuko amene timadya nyengo yozizira, ndithiramo chiyani, mchenga?"

"Mulungu adzakubwezerani."

"Mulungu ndilibe naye mlandu. Ndikulankhula ndi inu. Mukufuna wonse, mundiike pansi pa tenti. Ndipo beseni limodzi n'la ana anga. Likhala poonetsera, madzulo libwerera kuno."

Mayi Ok anavomera msanga kwambiri. Malsun anayenera kudabwa pomwepo.

Mpingo unapemphera m'mamawa masiku makumi anayi kuti tsikulo kudzawale dzuwa. Malsun sanajombe ngakhale kamodzi. Koma Loweruka lake bondo linamudzutsa likuwawa monga linkachitira mvula ikayandikira, ndiye anapinda lona lake labuluu n'kulikweza pangolo pamodzi ndi mabeseni anayi.

Pansi pa tenti panali patadzaza kale. Mbaula za gasi za Mayi Ok ndi anzake okazinga zitumbuwa za anyezi, mipando ya alendo, maluwa. Tebulo la Malsun linali pamtetete, pafupi ndi geti.

"Tinagwirizana chiyani, mayi?"

"Pageti m'pabwino, aliyense akuonani. Nanga icho n'chiyani?"

"Lona. Simulidziwa?"

"Aa, amake Hyejin! Tapemphera masiku makumi anayi, inu mukubwera ndi lona? Alendo aziti mpingo uno umapemphera chiyani?"

"Bondo langali silinandinamizepo."

"Ndiye tizipempheratu kwa bondo lanulo."

Amayi okazinga aja anaseka. Nthawi yomweyo Abusa Byun ankadutsa, suti yoyera, manja kumbuyo. Anayang'ana lona lija, n'kumwetulira.

"A Dikoni Pyo, lero tiyeni tingokhulupirira."

Pamaso pa anthu onse. Malsun amene sanachotserepo munthu mtengo pamsika anamva nkhope ikutentha. Anapereka lona. Madikoni analitengera kuseri kwa nsanja imene panali zokuzira mawu.

Tsabola sagulitsa m'thumba lomanga. Wogula ayenera kuona kufiira kwake, kununkhiza, kulawa ndi chala. Mabeseni onse anayi anali yasa.

Mayi wina wa m'tauni, wa chipewa chachikulu, anatsina pang'ono.

"Azakhali, chotsaniko pang'ono. Kusitolo ngwotchipa."

"Pitani kusitoloko. Basi ikudutsa pageti pompa."

"Iii, mwakwiya kale?"

"Uyu waona dzuwa masabata atatu. Wanuyo waona uvuni usiku umodzi. Mugula kapena mukunditchinga?"

Mayi uja anagula miyezo itatu, n'kuimbira foni anzake kuti abwere masana.

Masanawo sanafike. Mphepo inayamba cha m'ma leveni, ikuchokera kunyanja. Zikwangwani zinagwa. Madontho oyamba anali akuluakulu, ndipo pamene anagwera mu ufa muja panasiya timaenje takuda.

Malsun anathamangira kunsanja. Anapeza a Ham, amuna a Mayi Ok, ndi madikoni awiri atafunyulula kale lona lake, akuvindikira zokuzira mawu.

"Langa limenelo! Bweretsani!"

"Izi n'zobwereka, a Dikoni. Zikanyowa tidzawauza chiyani eni ake?"

"Si paja mukukhulupirira? Zisiyeni zikhulupirire nazonso!"

A Ham anapondetsa mwala pakona ya lona n'kuthawira mutenti.

Anabwerera pageti akutsimphina. Ananyamula beseni la ana ake, n'kulimbana nalo mpaka kutenti. Mmenemo munali mutapanikizana anthu, misana yokhayokha. Mvula ikamagwa aliyense amafuna zitumbuwa zotentha, ndipo Mayi Ok ankatembenuza ndi manja awiri, nkhope ikuwala mafuta.

"Patukani! Tsabola uyu!"

"Dikirani pamzere, agogo," anatero bambo wina osatembenuka.

Anavula jekete n'kuvindikira beseni. Jekete silichedwa kunyowa. Ataimika mutu anaona madzi ofiira akusefukira patebulo lake, kutsika ndi miyendo ya tebulo, kudutsa pageti kupita mumsewu. Masabata atatu a padenga, chilimwe chonse cha m'munda. Anaima pomwepo mvula ikumumenya, maso akuyabwa. Anati ndi tsabola.

Kunyumba anayesa kuyanika phala lofiiralo m'chipinda, pansi pamene pankafunda ndi moto wa kunsi. Tsiku lachitatu linachita nkhungu. Anakataya kuseri kwa khola.

Lamulungu lotsatira Abusa anathokoza Mulungu chifukwa cha mvula ya madalitso. Amene amadziwa zosowa zathu kuposa ife, anatero, anatumiza mvula kuti zitumbuwa zithe zonse. Anaimiritsa Mayi Ok. Anthu anaomba m'manja. Anathokozanso a Ham chifukwa cha changu chawo populumutsa zokuzira mawu. Za tsabola sananene. Malsun anakhala manja ali pamiyendo.

Atatuluka, Mayi Ok anamupeza pakhomo akuvala nsapato, atanyamula thumba lomanga ndi kariboni.

"Kamphatso kochokera kwa amayi. Musadandaule, tsabola ndi tsabola."

Malsun anang'amba pakona n'kuyang'ana. Wakuda ngati njerwa yopsereza. Wa makina.

"Lona langa lili kuti?"

"Tasunga mosungira katundu wa mpingo. Chaka chamawa lidzathandiza."

Anapita yekha kukalitenga. Wina anali atalembapo kale dzina la mpingo ndi inki yakuda, zilembo zikuluzikulu. Analipinda, n'kulikwapatira. Thumba lija ankafuna kulisiya pakhomo pomwepo, aliyense aone. Koma kabichi anali atakhwima m'munda, chisanu chili pafupi, ndipo ana kutauni ankadikira mabokosi awo a kimchi monga chaka chilichonse. Anawerama n'kulitola.

Mwezi wa Disembala, chisanu chitafika, amuna a Malsun anatsegula mtsuko woyamba wa kimchi. Anatafuna, n'kuyang'ana mbale, n'kuyang'ana mkazi wawo.

"Amake Hyejin, kimchi wa chaka chinoyu bwanji?"

"Idyani," anatero Malsun. "Ndi wa chikhulupiriro."