Malire pa Kabolodi ka Che Wadson

"Ndikadzayatsa chimkuzamawu changa pano pa Balaka, munthu wa kwa Kalembo adzayankha kuti wawa."

Anatero Che Wadson, okonza mawailesi, tsiku lina m'chaka cha 1992. Omvera anali awiri: Abiti Lukiya, ogulitsa sopo ndi zodzoladzola pakhonde loyandikana ndi shopu yawo, ndi mbuzi ya eniake imene inkadya katoni.

"Ayankhe wa kwa Kalembo, pamene wa pamsewu pompa sakuyankhani moni?" anafunsa Abiti Lukiya.

Sanali kunama. Benchi la pashopu ya Che Wadson linali litayamba kudyedwa ndi chiswe chifukwa chosowa matako. Zinayamba pamene Bulazala wina wachizungu wa ku mishoni, pobwerera kwawo, anawasiyira kompyuta yojambulira timabolodi ta m'mawailesi. Anthu ataona chibokosi chowala mobiriwira, anagwirizana kuti chimalemba mayina a olankhula zandale. Makasitomala anathawa. A bawo anasamutsa bawo lawo. Che Wadson anatsala ndi kompyuta, n'kumaiuza mmene agonera.

Tsono a Jasten, tcheyamani wa chipani m'deralo, anabwera kudzafuna chimkuzamawu cha pa msonkhano. Che Wadson anaona kuti mwayi ndi womwewu. Chikakalira bwino pamaso pa gulu, tcheyamani n'kuwatchula dzina, anthu adzabwerera pabenchi. Anakhala pa kompyuta kuti ajambule kabolodi ka chimkuzamawucho.

Bulazala uja anawaphunzitsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Ukamaliza kuyala tizipangizo ndi tinjira take pa sikirini, malo onse otsala uziwadzaza ndi mkuwa, bwalo limodzi losaduka. Bwalo limenelo amisiri amalitcha ethi. Kachipangizo kalikonse kamaponda mwendo pamenepo, ndipo phokoso losochera limathera mmenemo ngati madzi m'dambo. Unkangodina batani limodzi, bwalo lonse n'kudzaza lokha.

Che Wadson anadina. Sikirini inabiriwira ngati fodya wa m'Januwale. Anayang'anitsitsa tizipangizo tonse titadalira munda umodzi, mtima wawo sunakondwe. Iwo anakhalapo pa chikamwini kwa Nsamala, kulima munda umodzi ndi alamu awo popanda malire. Akazi awo, a Modester, atamwalira, anauzidwa mwaulemu kuti mundawo ndi wa mbumba. Anachokako ndi njinga ndi chitsulo chowotcherera mawaya basi.

Choncho anayamba kudula malire. Gawo lolandira mawu analipatsa kamunda kake. Gawo lokuza mawu, kake. Gawo la magetsi analiika patali ngati mlamu waukali. Kompyuta inalira kuti pii, n'kulemba chenjezo m'Chingerezi kuti zigawo zina zatsala pazokha.

"Iwe unakwatirako chikamwini?" anaifunsa. Anafufuta chenjezolo. "Ndiye khala chete."

Anasindikiza chithunzicho papepala, n'kupita pakhonde la Abiti Lukiya kukagula kyuteksi wofiira, uja wodzola m'zikhadabo. Ameneyo ndiye ankapaka pa mkuwa kuti asidi asadye malo ofunika.

"Che Wadson, mwapeza wodzola?"

"Iyayi, ndi wa kabolodi."

"Chikwati chake liti? Tidzavine nawo."

"Chimavuta n'chiyani, Abiti, inu mukanalola."

"Ine ndilowe mitala ndi chibokosi? Chimenecho sichigona, chingandinenere kuboma."

Anaseka onse, koma pobwerera mu shopu Che Wadson anazindikira kuti uku kunali kucheza kwawo koyamba sabata imeneyo. Anapaka kyuteksi mosamala, malire ali mbee, kamunda kalikonse pakokha. Ataviika kabolodi mu asidi ndi kuwotcherera zonse, anayesa ndi waya wamfupi, mawu atatsitsa. Munkamveka kulira ngati njuchi ili m'botolo. Anati zimenezo ndi mphamvu, zikusowa potulukira.

Msonkhano unali wa madzulo, dzuwa litapendeka, pabwalo la sukulu. Amayi anavala nsalu zachipani, anyamata a malaya ofiira akuyendayenda kuona ngati aliyense ali ndi khadi la chipani. Che Wadson anamangirira lipenga la chimkuzamawu pamwamba pa mtengo wa mango. Waya wa maikolofoni unachepa, ndiye anaulumikiza ndi wina, ndi winanso, mpaka unayenda mtunda kuchokera pa chimkuzamawu kukafika patebulo la akuluakulu. Che Wadson anapatsidwa mpando kutsogolo, pafupi ndi chimkuzamawu chawo. Munthu wina amene kale ankasewera naye bawo anawagwedezera mutu, ndipo Che Wadson anakonza kolala.

A Jasten anaimirira, n'kugogoda maikolofoni ndi chala. Njuchi inalira. Anatsokomola, njuchi inakula.

"Kwezani, achimwene, a kumbuyo amve."

Che Wadson anapotokola chokwezera mawu mpaka kumapeto. Waya wautali uja unali utasanduka mlongoti wa wailesi, ndipo m'kabolodi munalibe dambo loti zimene watola zithereko. Njuchi inatsokomola, inalira likhweru, kenako mumtengo wa mango munatuluka mawu a mwamuna, odekha, a Chichewa chomveka bwino. Aliyense pabwalopo anawadziwa, ngakhale panalibe amene akanavomera. Inali wailesi yakunja ija imene anthu ankaimvera atatseka mazenera, ataipanikiza kukhutu.

"...ndipo anthu ochuluka m'Malawi akuti nthawi yakwana yoti m'dzikomo mukhale zipani zambiri..."

A Jasten anali chiimire, kukamwa kuli yasa, maikolofoni ili m'manja. Amayi a kumbuyo kwenikweni anamva liwu lililonse. Amene anakhala pafupi ndi Che Wadson anayamba kusuntha mipando yawo pang'onopang'ono, ndipo anyamata awiri a malaya ofiira anayamba kutsata waya kuti aone kumene ukuthera.