Matayala Onse Awiri

1.
Bokosilo linakhala pansi pa bedi miyezi isanu ndi itatu. Munali difu loko yomwe mlamu wa Waisoni anabweretsa kuchokera ku Joni, chitsulo chomanga matayala akumbuyo kuti azizungulira limodzi m'matope. Koma Waisoni, mwini galimoto yonyamula kachewere ku Neno, analibe masiku awiri oiimika kugalaja. Mkazi wake Elube ankaligunda ndi tsache m'mawa uliwonse.
Abambo, chitsulo chanuchi mukudikira kuti chiikire mazira?
Mawa, amayi.

2.
Febuluwale, masana, dambo la Chikalema. Elube ali kumpando wakumbuyo, matenda a uchembere ayamba, magazi sakuleka. Chipatala chili kuseri kwa phiri. Galimoto yatitimira.
Tayala limodzi likuzungulira. Linalo lili du.

3.
Zimene anaika pansi pa tayalalo:
nthambi za gwafa
miyala
matumba
jekete yake
chitseko cha khola la eni ake.

4.
Awiri. Elube ndi mwana, bokosi limodzi.

5.
Pamaliro aliyense anasanduka katswiri wa matope, amalume anati pamenepo ngakhale thirakita siingadutse, a mpingo anati inali nthawi yake, azibambo amene anakankha nawo anati tinayesetsa achimwene panalibe chochita, ndipo Waisoni anatola mawu amenewo n'kumadyera, n'kumagonera, n'kumadzukira chaka chathunthu osalira ngakhale kamodzi, poti ngakhale thirakita, ngakhale thirakita

6.
Novembala, kugalaja ya a Chidothi ku Mwanza. A Chidothi ali pansi pa galimoto ya Waisoni, akumanga difu loko ija, akukhetsa oyilo wakuda m'beseni.
Difu wamba ndi wopusa, bwana, anatero a Chidothi. Mphamvu yonse amaipereka ku tayala lomwe likuterereka. Lomwe laponda pouma amalimana. Koma mukadina batani ili, onse awiri amagwira ntchito.
Paliponse imatuluka?
Paliponse ayi. Matope ena ndi matope.
Waisoni anamva kupepukidwa. Sanadzifunse chifukwa.

7.
Iwe Waisoni, anatero amalume, mvula yagwa masiku atatu osakata. Anzako aimika magalimoto. Ulibe katundu, ulibe wodwala. Ukupita kuti?

8.
Febuluwale wina, masana, dambo la Chikalema. Analowetsa galimoto pamalo omwe aja, pafupi ndi chitsa cha gwafa, osadina batani. Inatitimira bwinobwino mpaka m'mimba.
Tayala limodzi likuzungulira. Linalo lili du.
Azibambo aja anatuluka m'minda ndi makasu awo. Atamuzindikira anaima chapatali, osadziwa poyang'ana.

9.
Chala chili pabatani, Waisoni anapemphera koyamba chichitikire maliro. Sanapemphe kuti atuluke. Anapempha kuti amalume akhale kuti ananena zoona, galimoto ikane, agone pomwepo, anthu abwere kudzamukoka ndi ng'ombe.
Anadina.
Matayala onse awiri anazungulira. Galimoto inagwedezeka kamodzi n'kukwera kumtunda, injini osadandaula n'komwe. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kusesa chipinda.
Anazimitsa. M'mutu munalibe kanthu, m'chifuwa munalibe kanthu. Azibambo aja anafika akuomba m'manja, mmodzi n'kugwada kusuzumira kunsi kwa galimoto.
Achimwene, chitsulo chimenechi chikanakhalapo chaka chatha. Mwachipeza kuti?
Waisoni anayang'ana pagalasi, mpando wakumbuyo.
Chinali pansi pa bedi.