Nyimbo ya Mayi wa Tomato

Chipewa chinawakulira a Dominiko. Atachivala chinatsika mpaka kuphimba makutu, koma sanachivule.

"Ichi ndiye changa," anatero akudziyang'anira pagalasi la pawindo. "Akulu anga anandilonjeza kalekale."

Palibe anatsutsa, ngakhale aliyense ankadziwa kuti malemu Ambrosi akanalola kupereka nsapato n'kuyenda chosavala kusiyana n'kupereka chipewa chija. Linali tsiku logawa zovala, maliro ataikidwa ndipo kumeta kutachitika. A Dominiko, mng'ono wa malemu, anabwera kuchokera ku Nsanje kudzatsogolera mwambowo, ndipo ankautsogolera modzikumbukira bwino ndithu. Helena, mwana yekhayo wotsala wa malemu, ankangopinda malaya pamkeka n'kumapereka kwa amene watchulidwa.

Zovala zitatha, panatsala katoni ya makaseti. A Dominiko anaigogoda ndi chala cha kuphazi.

"Nanga izi? Kumudzi tikazitani nyimbo za azungu olirira ng'ombe?"

"Zisiyeni, alamu," anatero a Bernadeta, mkazi wa malemu. 

A Ambrosi ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Bangwe. Pamene kawailesi ka Mpingwe FM kanatsegulidwa m'nyumba ya lendi kuseri kwa msikawo, makina ake ankangofa, ndipo ankawadzutsa ndi iwowo. Malipiro anakana. Anapempha kuti aziwapatsa mpata Lamulungu lililonse masana aziika makaseti awo a nyimbo za kantire, zija za azungu a zipewa zazikulu ndi magitala olira mwachisoni. Eni wailesi anavomera chifukwa nthawi imeneyo anthu amakhala akugona tulo ta pambuyo pa tchalitchi, ndiye panalibe chowonongeka. Koma a Ambrosi anali ndi kachitidwe kawo. Asanaike nyimbo ankatsokomola kaye, kenaka n'kufotokoza m'Chichewa zimene mzunguyo ati aimbe. Posakhalitsa makondakitala anayamba kukweza wailesi m'maminibasi, amayi a m'masaluni n'kumazimitsa zoumitsira tsitsi kuti amve bwino.

Alendo akumwazikana, panafika McDonald, bwana wamng'ono wa wailesiyo, atanyamula shuga wa chipepeso. Anagwada bwinobwino pamaso pa a Bernadeta, n'kupepesa, koma maso ake ankathawira ku katoni ija.

"Amayi, mdala atisiya pa nthawi yolakwika," anatero. "Anthu a kafukufuku wa omvera angotulutsa kumene zotsatira. Ayenda Ndirande, Zingwangwa, Machinjiri, konse kufunsa anthu zimene amamvera. Pulogalamu ya mdala ndi nambala wani Lamulungu lonse. Yaposa ndi mpira womwe."

"Akanamva akanavala chipewa m'bafa," anatero a Bernadeta.

"Panopa mawailesi akuluakulu ayamba kutikopera, aliyense kantire, kantire. Ife tikufuna Lamulungu lonse likhale la kantire, amakampani ayamba kale kufunsa zotsatsa malonda. Ndiye Lamulungu likubwerali tikhala ndi pulogalamu yokumbukira mdala." Anatembenukira kwa Helena. "Madamu, inu ndinu aphunzitsi a Chingelezi. Mubwere mudzakhale pampando wawo. Anthu akuimba mafoni osaleka, onse akufuna nyimbo ya mayi wa tomato."

A Bernadeta anadzutsa mutu. "Imeneyo ndi yanga."

"Eya, amayi, Bangwe yense amadziwa."

Helena anamuperekeza McDonald mpaka pamsewu, ndipo kumeneko mnyamatayo anatsitsa mawu.

"Madamu, tiyankhule chilungamo. Ine ndi inu Chingelezi timachimva. Mdala ankathira mchere wambiri. Kale zinalibe kanthu, koma panopa tili pamwamba, ndipo anzathu aja akungodikira kuti atiseke. Mudzamasulire zenizeni, liwu ndi liwu. Tiyambe bwino."

Minibasi inaima, kondakitala akukuwa za ku Limbe, McDonald n'kukwera. Helena anatsala chiimire m'fumbi. Apa ndiye anagwira njakata.

Nyimbo ya mayi wa tomato ankaidziwa ngati Atate Athu. Malinga ndi bambo ake, mzungu uja ankaimba za mayi wina amene amalawirira kukapikula tomato, amene anasenza banja pamutu mwamuna wake atakhala wopanda kanthu, ndipo sanamunyozepo ngakhale tsiku limodzi. Akamafotokoza, mawu awo ankanjenjemera pang'ono, ndipo amayi ogulitsa nawo pamsika ankawagwedeza a Bernadeta ndi chigongono. A Bernadeta ankangoti, "Kani nawonso azungu ali ndi akazi ovutika," n'kupitiriza kuunjika tomato wawo.

Koma m'nyimbomo munalibe tomato. Munalibe msika, munalibe kulawirira. Munali chidakwa china chimene chinagulitsa kavalo wake n'kumwera mowa, kenaka n'kukwera sitima kuthawa mkazi osatsanzika. Helena anazindikira zimenezi ali ku sekondale, Chingelezi chitayamba kumulowa, pa nthawi imene bambo ake ankafotokozera nyimbozo makasitomala a pakhonde wailesi isanabwere. Tsiku lina anawauza, monyada ngati mwana aliyense amene wagwira kholo likulakwitsa. A Ambrosi anaseka mpaka kuika pansi sikuludilaiva.

"Mzungu waimba zake," anatero, "ine ndamva zanga."

Yankho limenelo linamukwiyitsa kwa zaka zambiri. Bambo ake ankawakonda, koma ankachita nawo manyazi, ndipo Lamulungu likafika ankapeza chochapa kuti asamve. Tsopano akanena zoona pa wailesi, amayi ake adzamva pamodzi ndi msika wonse kuti nyimbo yawo ndi ya chidakwa chothawa mkazi, ndipo mwamuna wawo, amene dothi la pamanda ake linali lisanaume, adzasanduka wabodza. Akanama, ana a sukulu amene amawadula malikisi chifukwa cha kumasulira molakwika adzakhala akumvetsera. Anaganiza zokana kupita. Koma akakana, McDonald adzaika mnyamata wina wa Chingelezi cha m'mphuno, amene adzanene zonsezo akuseka.

Loweruka a Dominiko ananyamuka ndi chikwama chofufuma, chipewa chili pamakutu. "Takhuta, alamu," anathokoza motero m'Chisena chawo, ndipo nyumba inakhala zii. Masana a Bernadeta anayala mkeka pakhonde la kuseri, pamthunzi wa mpapaya, n'kuitana Helena.

"Bwera nayo wailesi ya makaseti ija. Ndi katoni yomwe."

Helena anabwera nazo. Amayi ake sanafufuze nthawi yaitali. Anatulutsa kaseti ina yosweka pangodya, yomatidwa ndi selotepi, ndipo pansi pa katoni anatolapo bolopeni yotafunidwa chivindikiro. Bolopeniyo sinkalemba. A Ambrosi ankailowetsa pabowo la kaseti n'kumaizunguza m'mwamba kuti abweze tepi, poti kubweza ndi makina kumadya mabatire. Ankadziwa ndi dzanja pamene nyimbo iliyonse yayambira.

"Mawa ukainena pagulu," anatero a Bernadeta. "Ndiyambe ndamva ine. Undiuze mmene mzunguyo akunenera, osadumpha."

Gitala linayamba pang'onopang'ono, kenaka mawu a mwamuna, okhuthala ngati a munthu amene wangodzuka. Helena anayang'ana nyerere zimene zinkakoka kachidutswa ka buledi m'mphepete mwa mkeka. Bodza linali pafupi, lokonzakonza, akanangobwereza mawu a bambo ake. Koma amayi ake ankamuyang'ana m'maso, ndipo chibadwire anali asanathe kuwanamiza akamuyang'ana choncho. Anadina batani, nyimbo inaima.

"Amayi, mulibe tomato m'nyimbomu."

"Pitiriza."

"Ndi munthu woledzera. Wagulitsa kavalo wake, ndalama wamwera. Ndiye akukwera sitima, akumusiya mkazi wake ali m'tulo." Anayang'ananso nyerere zija. "Pepani, amayi. Abambo ankangopeka. Ndinkadziwa kuyambira kale, koma sindinafune kuti mudziwe."

A Bernadeta anaweramitsa mutu. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Helena anatambasula dzanja kuti awagwire, poganiza kuti kulira kwayambiranso, koma anaona kuti akuseka. Kanali koyamba chimwalirire a Ambrosi.

"Kavalo!" anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Zaka zonsezi ndimadzifunsa kuti kodi kwenikweni akulirira chiyani bambo ameneyu. Kani ndi kavalo."

"Munkadziwa?"

"Iwe, ndakhala ndi abambo ako chiyambire ndili mtsikana. Chizungu chawo chinkathera pa gudumoning'i. Ku chipatala dokotala wachimwenye akayankhula ankandigwira ine mkono kuti, watinji? Ndiye lero amve mzungu woimbira m'mphuno?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani?" A Bernadeta anatenga kaseti ija n'kuigwira ndi manja awiri. "Abambo ako pakamwa pawo panali polemera m'nyumba muno. Kunja nthabwala, pa wailesi nthabwala, koma kuti andiyang'ane n'kunena kuti Bernadeta wachita bwino, kapena Bernadeta ndalakwa, zimenezo ayi. Anabadwa choncho. Ndiye ankadikira Lamulungu."

Anatembenuza kasetiyo.

"Nyimbo yomweyi si ya tomato yokha. Iwe unali ku koleji ku Zomba, kawailesi kathuka sikafika kumeneko. Chaka china anandinyoza pamaso pa alongo anga, mawu oipa, ine n'kumanga katundu. Sanapepese. Lamulungu ndili pamsika ndikumva gitala lomweli, iwo akuti, iyi ikunena za mwamuna wopusa amene lilime lake lilibe mabuleki, akupempha mkazi wake kuti amasule katundu. Ndinakamasula."

Helena anafuna kuseka, koma amayi ake anali asanamalize.

"Ndiye Jonas atamwalira," anapitiriza a Bernadeta, mawu atatsika. Jonas anali mlongo wake wa Helena, amene anapita ndi malungo a m'mutu ali mnyamata. "Ine ndinkadziimba mlandu kuti ndinachedwa kupita naye kuchipatala. Abambo ako osanena kanthu, m'mawa ku mawailesi awo, madzulo kudya, kugona. Ndinkati munthuyu alibe mtima. Patapita masabata ndikumva gitala lomweli. Akuti, iyi ikunena za mnyamata amene wakwera sitima ya m'mawa, akuuza mayi ake kuti musadzitukwane, simunachedwe ndinu, sitimayi ndiyo inafulumira. Atatero anakhala chete pa wailesi, mpaka anthu ankayesa kuti magetsi azima."

"Sitimayo ilimodi m'nyimbomo," anatero Helena, osadziwa chifukwa chake wanena.

"Ndiye abambo ako anamvako kamodzi," anatero amayi ake. "Mulungu awalandire."

Kwa aneba mwana ankalira, wina ankasinja. Helena analira mwakachetechete, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri chinali zochapa zija za Lamulungu. Bambo ake ankayankhula mlungu uliwonse, Blantyre yense akumva, iye ali kuseri ndi beseni.

"Anthu sankazindikira kuti nyimbo ndi imodzimodzi?" anafunsa.

"Ena ankazindikira. Mayi uja wa nyemba anandiuzapo kuti, amuna anu akaika ya sitimayi, ine ndimadziwa kuti kwanu kwachitika kanthu. Koma ukuganiza anthu a kafukufukuwo anapeza chiyani? Anthu amamvera kavalo?"

"McDonald akufuna ndikamasulire zenizeni."

"McDonald ndi mwana. Za kavalo ukawauze ngati akufuna, sizindichotsera kanthu. Koma ukatero usakathere pomwepo. Ukanenenso zimene wamva iwe." Anamupatsa kaseti pamodzi ndi bolopeni. "Bweza."

Helena analowetsa bolopeni pabowo. Poyamba kaseti inangogwa pamkeka. Anaitola, n'kuyesanso, ndipo dzanja linakumbuka lokha mmene linkaonera: chigongono pabondo, bolopeni choimika, kaseti ikuzungulira m'mwamba ndi kaphokoso kake kaja. Anaibwezera mu wailesi, chala chili pabatani.

A Bernadeta anatambasula miyendo, n'kutsamira khoma, n'kutseka maso ngati mmene ankachitira pabenchi lawo la tomato.

"Eya," anatero. "Lero ikuti chiyani?"

Helena anatsegula pakamwa, koma amayi ake anakweza chala osatsegula maso.

"Utsokomole kaye."

Helena anatsokomola.

"Iyi, amayi, ikunena za bambo wina wokonza mawailesi," anatero. "Wakwera sitima osatsanzika. Akuti musamukwiyire, kutsanzika sankakutha."

A Bernadeta anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Helena anadina batani, gitala linayamba.