Chala cha a Danuta

Lachiwiri pa 14 Malichi, kasitomala wa ku Bremen anabweza timapulagi 212 mwa 4,000 timene fakitale ina ya ku Lublin inamutumizira. Tinali tolumikizira zingwe za galasi zonyamula intaneti, ndipo tonse tinali tokandika kunsonga, pamene pamadutsa kuwala. Kompyuta yoyeza katundu inali itanena kuti n'tabwino.

Kompyutayo inayamba ntchito pa 1 Febuluwale. Tsiku lomwelo a Danuta Gryglak, amene anayeza timapulagi pa maikulosikopu kuyambira 2004, anawasamutsira kolongedza katundu, n'kuwauza kuti ntchito yawo idzatha pa 31 Malichi. Zithunzi 40,000 zimene kompyutayo inaphunzirira anajambula ndi iwo, chilichonse n'kuchilemba "kabwino" kapena "koipa".

Lachinayi m'mawa Kinga Sobczak, injiniya amene anaphunzitsa kompyutayo, anawapeza m'kantini akudya buledi wa anyezi, nsapato atavula.

"Mayi Danuta, ndikupempheni mphindi khumi."

"Bwanji a injiniya, mwana wanu uja wadwala?"

"Wadwala. Masiku awiri ndikufufuza, matenda ake sindikuwapeza."

"Paja munkati satopa, alibe msana wopweteka."

Komabe anavala nsapato. Kinga anawakhazika pa maikulosikopu yawo yakale, anawapatsa timapulagi khumi, iye n'kuima kumbuyo. Titatu toyamba tinadutsa. Pa kachinayi chala chawo chamanzere chinapotokola kabatani ka nyale, chithunzi chinawala kwambiri.

"Koipa aka," anatero, chala n'kubwezera kabatani pamalo pake.

"Taimani! Mwachita chiyani pamenepa?"

"Ndayeza."

"Ndikunena chala chanucho."

A Danuta anayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. "Aa, nyaleyi? Ndikakayikira ndimaonjezera kuwala. Pokandika sipabisala powala."

"Nthawi zonse?"

"Ndikakayikira pokha. Kabwino ndimakadziwa ndisanaphethire."

Kinga anakhala pa mpando, n'kutsegula zithunzi zakale zija pa kompyuta. Pofika masana anali atawerenga: mwa zithunzi 100 zilizonse za timapulagi toipa, 97 zinali zowala kuposa zinzake. Kompyutayo sinaphunzire kuona pokandika. Inaphunzira kuti chowala n'choipa. Pa makina atsopano nyale sisintha, ndiye pafupifupi chilichonse chinkadutsa.

A Leszek Pytlak, oyang'anira fakitale, anamva nkhaniyi ataimirira, foni ili m'manja.

"Ndiye mu lipoti tilemba kuti zithunzi zinajambulidwa mosatsata ndondomeko," anatero.

"Palibe ndondomeko imene inaletsa," anayankha Kinga. "Amene sanafunse ndine. Ndinangotenga zithunzi, osakhala nawo patebulo ngakhale tsiku limodzi."

"Musadzivutitse, mwana wanga," anatero a Danuta. "Lembani, bwana. Tsamba likagwa, manyazi agwira mtengo."

A Leszek anapumira m'mwamba. "Chofunika n'chiyani kuti makinawa akhale bwino?"

"Zithunzi zatsopano 20,000, nyale yosasintha," anatero Kinga. "Masabata asanu ndi limodzi. Ndipo wodziwa kuzilemba ndi mmodzi."

Onse awiri anayang'ana a Danuta.

"Ndamva," anatero iwo. "Mpeni munandichekera uja wabuntha, ndiye ndiunole ndekha."

"Tikuwonjezerani kontilakiti, mayi."

"Mpaka liti? Mpaka mwanayu atakhoza mayeso?"

A Leszek anayang'ana foni. "Zimenezo amagamula ndi a ku likulu la kampani."

"Auzeni a ku likuluwo kuti ndili ndi zaka 54, ndipo maso angawa kulibe kwina akuwafuna mu Lublin muno. Ndikufuna pepala losainidwa, mpaka Disembala. Likapanda kubwera, pa 31 ndibweza khadi langa lolowera pageti, mwana wanu amalize yekha sukulu."

"Nanga pakadali pano muyamba?" anafunsa Kinga motsitsa mawu.

"Ndiyamba. Makatoni andithyola kale msana."

Lolemba pa 20 Malichi a Danuta anabwerera pa maikulosikopu. Kinga anamata kabatani ka nyale ndi tepi, n'kukoka mpando wake pambali pawo. Chala chinkapitabe pa tepiyo, n'kubwerera. Kuyeza pa kuwala kochepa kunkawatulutsa misozi, moti ola lililonse ankavula magalasi n'kutsinzina mphindi ziwiri. Kinga analembera ku likulu kawiri, pa 21 ndi pa 27. A Leszek akafunsidwa ankati pepalalo lili panjira.

Lachinayi pa 30 Malichi, poweruka, zithunzi zinali zitakwana 6,340. A Danuta anapukuta maikulosikopu, n'kuivundikira. Khadi lawo lolowera linali loti lisiye kugwira ntchito mawa lake nthawi ya 2 koloko masana, ndipo pepala lochokera ku likulu linali lisanafike.