Mikanda ya Kaputeni Moncef

Lotfi anali atayendetsa tindege ta mapulopela pakati pa Tunis ndi Djerba kwa zaka zisanu ndi zinayi, koma chimakina chophunzirira kuyendetsa ndege za jeti cha ku Casablanca sankachikhulupirira. Chinali chibokosi choima pa miyendo yachitsulo, cha mazenera onama, ndipo kumbuyo kwako kunkakhala mphunzitsi amene ntchito yake inali kukuwonongera ulendo.

Mphunzitsiyo anali Kaputeni Moncef, ndipo Lotfi anali atawatulukira chinsinsi. Mkuluyo ankakonda kuseweretsa mikanda yake yopempherera. Mikandayo ikangoti zii, ndiye kuti dzanja lapita pa batani lowonongera injini.

Tsiku la mayeso Lotfi ananyamuka bwinobwino, maso kutsogolo, khutu kumbuyo. Atangoboola mitambo, mikanda ija inasiya kulira.

"Yayamba nkhalambayi," anang'ung'udza Lotfi. Anakumbukira kuti dzulo ndi dzana injini imene mkuluyo anaiwononga inali ya kumanzere, ndipo osayang'ana n'komwe mawotchi oonetsa mmene injini zikuyendera, anaizimitsa.

Chibokosi chinapendekeka, mabelu n'kuyamba kulira.

"Lotfi mwana wanga, injini imeneyo yakulakwira chiyani?" anafunsa a Moncef.

"Si mwaiwononga ndinu, Kaputeni? Mikanda yanu inakhala chete!"

"Ndimakanda mphuno, bambo."

Lotfi anayang'ana mawotchi aja, thukuta lili kamukamu. Panalibe chimene chinavuta kupatula iye mwini.

A Moncef anaweramira kukhutu kwake. "Sabata yonse wakhala ukuphunzira ine m'malo mophunzira ndege. Kumwambako kumbuyo kwako kudzakhala anthu makumi asanu ndi awiri, ndipo ambiri a iwo adzakhala ndi mikanda."