Katumbu m'Lichero

Nyimbo itafika pokoma, woyendetsa mwambo anaitana ankhoswe akuchikazi kuti abwere kutsogolo. A Tadeyo anadzuka n'kukonza jekete lawo. Holo ya tchalitchi ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, inali itadzaza, ndipo dzuwa la mu Juni linkalowa pamawindo aataliwo n'kugwera pa zitenje za amayi. Mkwatibwi, Tisunge, anaima pakati atanyamula lichero limene mayi ake anabwera nalo kuchokera ku Dedza. Pambali pake panali mwamuna wake Reuben, mzungu wa konkuno wa tsitsi lofiira, amene ankavina ngati munthu woponda dothi la njerwa.

Kumudzi, pa perekaniperekani ndalama zimauluka ngati masamba. Ku Glasgow sizitheka, chifukwa yapepala yaing'ono ndi ya mapaundi asanu. Anthu amakasinthitsa patebulo la pakhomo n'kudzaza matumba ndi zachitsulo. A Malita, akazi a a Tadeyo, anali atasinthitsa kale, ndipo anakhuthulira dzanja lonse m'thumba la jekete la amuna awo.

A Tadeyo anavina pang'onopang'ono, akupisa m'thumba n'kumaponya imodziimodzi. Miyendo inali m'holomo koma mtima unali kutali, m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, pamene madzi amakhota n'kusiya dothi lakuda. Ankaona nthochi zimene anali asanabzale. Ndalama ina inamveka yolemera m'zala, yozizira, koma dzanja linali litazolowera kale. Inamenya m'mphepete mwa lichero, inagwa pansi n'kulira mawu ake osiyana ndi zinzake, kenako inagubuduka mpaka pa nsapato ya mayi wina, amene anaitola n'kuibwezera m'lichero. Anthu analulutira.

Atakhala pansi, a Tadeyo anatulutsa mpango kuti apukute thukuta. Mpangowo unali wopepuka. Anaufunyulula, anaukutumula, anapisanso m'thumba. Munalibe kanthu.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri a Tadeyo anali akukonza mabasi mumzindawu. Sankamwa, sankatsata mpira. Chimene chinawagwira mtima chinali kasitolo kena kakang'ono pakati pa tauni, ka mkulu wina dzina lake Keith, wogulitsa ndalama zosowa. Ndi iyeyu amene anawaonetsa pulatinamu, chitsulo choyera cholemera kuposa golide, chosachita dzimbiri. Ndalama zake sagulira buledi. Anthu amazisunga, ndipo zimene zinasulidwa zochepa mtengo wake umakwera ndi zaka. Kumudzi munthu amasungira chuma chake m'khola. A Tadeyo, pokhala m'nyumba yosanja yopanda bwalo, anasungira chawo m'chitini cha mabisiketi.

M'zaka zisanu ndi zinayi anagula ndalama zisanu, ndipo iliyonse anaipatsa dzina la ntchito yake: Njerwa, Malata, Mpope, Ng'ombe. Yachisanu anangoitcha Katumbu, chifukwa inali ndi chithunzi cha katumbu atatulutsa mutu m'madzi. Inasulidwa pa kachilumba kena, mazana atatu okha, ndipo inali yodula kuposa iliyonse m'chitinimo. Ntchito ya Katumbu inali malo enieniwo, dimba la pokhota mtsinje.

Iliyonse inali m'kabokosi kake kapulasitiki koonekera mkati. Keith anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza nthawi zonse: osatsegula, osakhudza. Chala chimodzi, kukalika kumodzi, ogula zosowa amatembenuka, ndipo pamatsala mtengo wa chitsulo chokha.

Mwezi umenewo msuweni wawo Felix anaimba foni kuchokera kumudzi. Mwini dimba anali atavomera kugulitsa, koma anati adikira mpaka kutha kwa mwezi basi, chifukwa munthu wina wa ku Lilongwe ankalifunanso. Keith anapeza wogula Katumbu, woti abwere Lolemba.

Ndiye m'mawa wa tsiku la ukwati, atavala kale, a Tadeyo anatsegula chitini kuti atsanzike. Anayang'ana katumbuyo kwa nthawi yaitali. Anakumbukira bambo awo pamsika wa Chimbiya, mmene ankasisitira msana wa mbuzi asanatchule mtengo. Kwawo munthu sanena kuti chinthu ndi chake asanachigwire. Zaka zonsezi ankasunga chinthu chimene khungu lawo silinkachidziwa, ndipo mkucha chinkapita. Anatenga kampeni n'kutsegula kabokosiko. Ndalamayo inakhala m'chikhatho mwawo ngati dontho la madzi a m'mawa, koma lolemera. Nthawi yomweyo a Malita anaitana kuti galimoto yafika. Anaikulunga mumpango n'kuiponya m'thumba.

Anawauza akazi awo zoti Katumbu wagwera m'lichero ali m'njira yobwerera kunyumba, dzuwa likadali m'mwamba monga limachitira kuno nyengo imeneyi. A Malita sanakalipe. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo chaka chimene ankagula Katumbu anagwira masabata ambiri osapuma Lamlungu.

“Bambo a Jessica,” anatero, “mawa tikatuluka m'tchalitchi tikupita ku Gorbals kwa Tisunge. Mukapempha.”

A Tadeyo anafunsa ngati anamvapo nkhoswe itapita kukatenga chimene inaponya m'lichero anthu akuona. Nkhani yotere ikanafika ku Dedza iwo asanafike n'komwe pakhomo pa mwanayo. A Malita anayankha kuti anthu adzayankhula mwezi umodzi n'kutopa, koma dimba likapita silibwerera. Anawakumbutsanso kuti miyendo imene inatupa chifukwa cha ndalama imeneyo inali yawo, osati ya anthuwo.

Tsiku lotsatira anakwera basi, kabokosi kopanda kanthu ndi chikalata chotsimikizira kuti ndalamayo ndi yeniyeni zili m'thumba lamkati. Powoloka mtsinje wa Clyde a Tadeyo anatsamira pagalasi. Madzi otuwawo anayamba kuchepa m'maso mwawo, nyumba zazitali zinasanduka bango, ndipo anaona anyamata awiri atagona chafufumimba pathanthwe, ng'ombe zitaiwalika kumbuyo kwawo, akudikira katumbu kuti atulutse mutu. Mmodzi anali iwo. Winayo anali Goodwill, bambo ake a Tisunge, amene anabwera nawo limodzi kuno n'kumwalira mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kuyambira pamenepo a Tadeyo ndiwo ankaimira ubambo pa nkhani zonse za mwanayo.

“Tsikani, tafika,” anatero a Malita powagwedeza. “Mudzalota pobwerera.”

Tisunge anawalandira ndi chimwemwe. Anagwada pang'ono powapatsa moni, m'Chichewa chake chopindika ndi lilime la ku Glasgow, ndipo anawalowetsa kukhitchini chifukwa pabalaza panali podzaza ndi mphatso. Patebulo panali thabwa, ndipo pathabwapo panali Katumbu, atapanidwa ndi misomali iwiri kuti asasunthe. Reuben anali akulowetsa kachitsulo kakang'ono pa makina obowolera.

“Taimani, akamwini,” anatero a Tadeyo. Mawu anatuluka otsika, koma Reuben, ngakhale sankamva Chichewa, anaika makinawo pansi.

Tisunge anafotokoza uku akuthira madzi m'ketulo. Amayi osankha ndalama dzulo anaipeza n'kuganiza kuti ndi yakunja, yosagula kanthu, ndipo anatsala pang'ono kuitaya. Iye ataona chithunzicho anathawira kuchipinda kukalira, ali m'diresi laukwati. Pa nkhani zonse za bambo ake, imene ankaikumbukira bwino inali ya akatumbu a ku Linthipe, ndi mmene anawakwapulira iwo ndi mnzawo ng'ombe zitalowa m'munda wa eni. Anadziwa nthawi yomweyo kuti m'holo yonse ija munthu mmodzi yekha ndi amene akanaganiza zomupatsa mphatso yotere. Anapempha Reuben kuti aibowole, aziivala m'khosi.

“Ndinkaganiza kuti palibe amene anawakumbukira adadi dzulo,” anatero. “Koma inu munabwera nawo, ankolo.”

A Tadeyo anakhala pampando. Mawu amene anakonza m'basi anabalalika onse. Zikanakhala zophweka kungogwedeza mutu n'kulandira kuthokozako. Anayang'ana akazi awo. A Malita anali kuyang'ana pansi, atagwira chikwama chawo ndi manja awiri.

“Mwana wanga,” anatero a Tadeyo, “sindikufuna undithokoze pa chinthu chimene sindinachite. Ndalama imeneyi sindinakupatse. Inangogwa.”

Anafotokoza zonse, m'Chichewa, kenako m'Chingerezi kuti Reuben amve: za chitini, za Keith, za dimba, za kampeni. Atatchula zimene wogula wa Lolemba anali atalonjeza, Reuben anayang'ana makina ake n'kuwakankhira kutali ngati akuotcha. Nkhope ya Tisunge inachita ngati nyumba imene azimitsa nyale. Anazula misomali ija ndi zala, anatenga ndalamayo, anagwada n'kuipereka ndi manja awiri.

“Pepani, ankolo. Sindinadziwe.”

A Tadeyo anaitengera pawindo. Mzere woonda unadutsa pamadzi a chithunzicho, kuchokera m'mphepete mpaka pansi pa chibwano cha katumbu, ndipo m'mbali munali mophwanyika pang'ono pamene inamenya pansi. Anadziwa zimene Keith akananena atavula magalasi ake. Wogula uja sakanaifunanso. Chitsulocho chinali chikadali ndi mtengo wake ndithu, wokwana mbali yaikulu ya dimbalo. Kuwonjezera pang'ono, malowo akanatheka.

Koma anapitiriza kuyang'ana mzerewo. Unkafanana ndi kanjira kamene katumbu amasiya pamadzi akamasambira. Zaka zonse m'kabokosi muja nyamayo inali itangoima. Tsopano inkaoneka ngati ikupita kwinakwake.

Anamva a Malita ataima pambali pawo. Mayiwo anayang'ana ndalamayo, kenako anayang'ana Tisunge, amene anali atatembenukira kusinki akutsuka kapu yoyera kale.

“Njerwa, Malata ndi Mpope,” anatero a Malita motsitsa mawu, “zitatuzo pamodzi zingakwane dimbalo?”

A Tadeyo anaganiza pang'ono n'kunena kuti zingakwane, mwina n'kutsalako ya khasu.

“Ndiye mukuyang'ana chiyani pamenepo?”

“Mayi a Jessica, ndiye kuti tidzakhala ndi malo opanda nyumba. Opanda mpope.”

“Amayi anu ankathirira ndi chiyani? Koma ndikuuziranitu, keni yothirirayo mudzanyamula ndinu. Ine yanga miyendo ndinapereka kale.”

A Tadeyo anatulutsa kabokosi kaja. Anapukuta ndalamayo ndi mpango mosamala, anaiika m'malo mwake n'kutseka. Kenako anaitana Tisunge, ndipo atabwera anamuuza kuti atambasule manja.

“Dzulo inagwa yokha,” anatero. “Lero ndikupereka ine, ndi azakhali akowa. Ndi ya kwa bambo ako.”

Tisunge anafuna kukana. Anati n'zochuluka, anati sangathe. A Malita anamuuza kuti mwana sabweza dzanja la nkhoswe kawiri tsiku limodzi, ndipo atseke pakamwa athire tiyi. A Tadeyo anapereka chikalata kwa Reuben, amene anachilandira ndi manja awiri monga anaonera mkazi wake akuchitira. Anamuuza kuti akafuna kuti mkazi wake aziivala, apite kwa osula akaizinge ndi kamkombero, koma makina akewo azibowolera makoma.

“Nanga kuigwira?” anafunsa Tisunge, akupukuta m'maso. “Ndizingoionera m'pulasitiki?”

A Tadeyo anatsala pang'ono kubwereza lamulo la Keith. M'malo mwake anaseka pang'ono.

“Uziigwira. Yakalika kale.”

Lolemba m'mawa anapempha maola awiri kuntchito. Anatsegula chitini, anatulutsa Njerwa, Malata ndi Mpope, n'kusiya Ng'ombe yokha pakona. Ali pamalo odikirira basi anaimbira Felix kuti akauze mwini dimba kuti asalandire za munthu wa ku Lilongwe, zonse zifika sabata yomweyo. Felix anafunsa ngati ayambe kufunafuna oumba njerwa, monga anagwirizanirana.

“Ayi, za njerwa zidikire,” anatero a Tadeyo. “Ungondifunsirako kwa amisiri pa Chimbiya ngati akupangabe makeni aja a malata. Awiri.”

Anazengereza pang'ono, akuyang'ana basi imene inkabwera.

“Kapena imodzi yokha. Winayu wanena kale kuti sadzanyamula.”